Aliyense Wogona M'nyumba Muno

Edness anali akumanga thewera la mwana wa eni pamene Mutinta analowa kudzatenga mwana wake, Bupe. Ntchito ya Edness ku Lanham inali imeneyo, kulera ana a Amalawi ndi Azambia ogwira ntchito m'mabanki a ku Washington. Sukulu anaisiyira Fomu 2, koma mwana akalira ankadziwa ngati ndi njala kapena khutu.

"Amake Dyna, nichani?" anafunsa Mutinta m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Nkhope yagwa monga mwaluza chikwama."

"Kunabwera mayi wa boma uja wa zilolezo. Akuti malamulo asintha. Wamkulu aliyense wogona m'nyumba yolerera ana akadinde zala kupolisi. Akapezeka wina wa mbiri yoipa, chilolezo chathera pompo."

Mutinta anasuzumira kukhitchini, kumene Kalekeni, mchimwene wake wa Edness, ankakonza mpopi wodontha. Chitulukireni m'ndende chaka chatha, Kalekeni ankagona pabalaza pomwepo. Ankalawira kokatsuka magalimoto ana asanafike, n'kubwera atapita, koma tsiku limeneli anaweruka msanga chifukwa cha kuzizira.

"Aa, ni ivo chabe?" ananong'ona Mutinta. "Bisani matilesi na nsapato, mukambe kuti ni mlendo. Ise tinabisa mulamu wanga wopanda mapepala, boma sinanunkhize. Manje kumenyana mu bala ni mlandu?"

Kumenyana m'bala. Umu ndi mmene nkhaniyo inkadziwikira kutchalitchi. Akuluakulu anagwirizana kuiphimba choncho, poopa kuti ikafika ku Ntcheu ingakaphe mayi okalamba a Edness ndi Kalekeni. Edness nayenso anaibwereza mpaka inamuzolowera pakamwa. Anayang'ana Bupe, amene ankagona chala chili m'kamwa, ndipo anaona kuti lero siituluka.

"Sikunali kumenyana," anatero. "Anagwirira mkazi, mnzawo wa kuntchito, pochokera kuphwando. Kukhoti anavomera."

Kukhitchini sipanala inasiya kulira.

Mutinta sanakuwe. Anadzutsa Bupe n'kuyamba kumuveka jekete.

"Chaka chonse, amake Dyna? Na mwana wanga mukazi?"

"Sanatsalepo okha ndi ana. Ndinkaonetsetsa ndine."

"Munafunika kuniuza, nisankhe neka. Mwana ni wanga."

Edness anadziwa kuti zinali zoona. Chitseko chinatsekedwa pang'onopang'ono, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa chikanamenyetsedwa.

Makolo ena atatenga ana awo, Kalekeni anatuluka akupukuta manja.

"Wachita bwino, chemwali. Mpopi uja wasiya."

"Zikomo, achimwene."

Kalekeni anakhala pa mpando wa ana, mawondo atafika pachifuwa. "Ndinkayesa ndinamaliza chilango changa. Ndikamati ndaimirira, abwera ndi lamulo lina. Ndithu mlandu suola."

"Mkazi uja nayenso sanamalize, achimwene."

Kalekeni anawerama. Anagwedeza mutu. "Sanamalize," anatero motsitsa.

Kenako ananena kuti mnzake wa kotsuka magalimoto, Foster, ali ndi kachipinda kapansi kumzinda. Kozizira, koma kopanda ana. Ananena mopepuka ngati akukamba za mtengo wa sopo, maso ali pa mlongo wake.

Edness anadziwa kuti maso amenewo ankadikira mawu akuti "khalani". Kwawo mlongo sathamangitsa mwini mbumba. Kalekeni ndi amene anamuitanitsa kuno ntchito yake ikadali yabwino, ndi amenenso anatcha Dyna dzina bambo wake atathawa mimba. Chibale ndi fupa, sichiola. Koma fupa silimwetsa mwana mkaka, ndipo popanda chilolezo iye ndi Dyna analibe pogwira.

"Bulangete lofiira lija mutenge," anatero Edness. "Ndi lofunda."

Loweruka m'mawa Edness anabereka Dyna n'kunyamula chikwama cha mchimwene wake. Mphepo inkaluma makutu. Anayenda mpaka kudutsa poimika magalimoto.

"Bweretsa chikwamacho," anatero Kalekeni, akuyesa kuseka. "Onyamuliridwa katundu ndi alendo. Ine ndine mlendo?"

Edness anangochisinthira kudzanja lina. Anachinyamula mpaka pasiteji, ndipo anachipereka basi itaima.

"Lamlungu mudzabwere kudzadya," anatero.

"Kudzadya kokha?"

"Kudzadya kokha, achimwene. Dzuwa lisanalowe ndidzakuperekezani."