Bambo Aziyendayenda

Bambo anga ndi telala. Mnzawo wa ponda apa nane m'pondepo ndi wometa tsitsi wa khomo loyandikana ndi shopu yawo, amene msewu wonse umawatchula kuti a Lumo. Awiriwa amapikisana pa chilichonse, moti mitsempha ya mtima itatsekeka mwa mmodzi, winayo sanafune kutsalira. Onse anawang'amba pachifuwa mwezi umodzi.

Koma maopaleshoni ake anasiyana. Bambo anawaimitsa mtima, makina n'kumawapopera magazi, ndipo mtsempha wolambalalitsira magazi pamalo potsekekapo anautenga m'mwendo. A Lumo anawasoka mtima ukugunda, mtsempha wawo n'kuchokera pamkono.

"Wanga sunaimepo chibadwire," ankadzitama a Lumo. "Inu anakuzimitsani ngati wailesi."

"Wanga unapumulako," ankayankha bambo. "Wanuwo sudziwa tchuthi."

Patapita miyezi, a Lumo anali atayambiranso kumeta, akungodandaula za dzanzi pachala chachikulu. Bambo anali akadali pampando wa pabalaza, mwendo wotupa uli pakatebulo. Kungopita kubafa ankabwerako ali wefuwefu. Makina awo osokera anachita fumbi, ndipo ndinkaona kuti zikapitirira chonchi sadzawapondanso. Zinkandiwawa kwambiri.

Vuto silinali la madokotala ayi, linali la amayi. Tsiku lotuluka m'chipatala, namwino anawauza kuti, "Bambowa aziyendayenda tsiku lililonse." Titafika kunyumba, nsapato zonse za bambo zinasowa.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaletsa kuyendayenda, lero chipatala chiwapatse chilolezo?" ankatero tikawafunsa. "Komanso mtsempha wa m'mwendo auika pamtima. Mtima umenewo ungakhazikike pakhomo?"

Tinkafa nako kuseka, bambo nawonso ankaseka atakumbatira pilo pachifuwa kuti bala lisawawe. Koma nsapato sizinkaoneka.

Tsiku lina m'mawa a Lumo anabwera kudzameta mnzawoyo. Atafika pakati pa mutu, anazimitsa makina.

"Alamu, nsapato za munthuyu zili kuti?"

Amayi anabwereza nthabwala yawo ija ya mtsempha wa m'mwendo.

"Zikanakhala choncho, ine wa pamkono bwenzi pano ndili wowolowa manja," anatero a Lumo. "Kafunseni mayi akunyumba ngati chasintha chilipo."

Amayi anaseka, koma kusekako kunathera m'njira. Anakhala pansi n'kuyamba kupindapinda nsalu yopukutira mbale imene inali m'manja mwawo.

"Tsiku lija anagwera pamsewu ine ndikuchapa kuno," anatero. "Anawatola ndi anthu osawadziwa. Kenako adokotala n'kundiuza kuti mtima auimitsa kaye. Ndinakhala pabenchi paja ndikudziwa kuti mtima wa amuna anga sukugunda. Akakhala pampandopa, ndimawaona kuti akupuma."

Ndinachita manyazi, chifukwa nthawi yonseyi ndinkangoti amayi avuta ndi nsanje ya kuukalamba.

"Mayi," anatero bambo, "pampandopa ndiye ndikutha. Ngati mukuopa kuti ndikagwa ndili ndekha, tiyeni tiziyendayenda tonse."

Amayi anandituma kuti ndikakwere pampando kuchipinda ndikasuzumire pamwamba pa kabati ya zovala. Nsapato zonse zinali pomwepo, zopolishidwa bwinobwino.

"Dikirani ndimalize mutuwo," anatero a Lumo.

"Mudzamalizira kushopu," anayankha bambo akumanga zingwe pang'onopang'ono.

Anatuluka choncho, mutu wometa mbali imodzi, amayi atawakola pamkono. Ine ndi a Lumo tinaima pageti. Sanapite patali. Pa mtengo wa magetsi woyamba bambo anaima n'kutsamira. Amayi anawaika dzanja pachifuwa, anthu akudutsa, iwo osasamala.

"Ukugunda?" anafunsa bambo.

"Ukugunda," anatero amayi. "Tiyeni tikafike pa mtengo winawo."