Mchere pa Kachipangizo Konunkhiza Madzi

Moni owerenga, ndipo ayamikike Mulungu amene watidzutsa amoyo.

A Howard, mkulu wa mpingo ku Nkhudzi, ankayendetsa boti la tanga la pamalo ena ogona alendo. Mwana wawo Mtendere ankakwatiwa Loweruka ku Makanjira, msewu utaduka ndi mvula. Abwana anawabwereka botilo, koma anati lisachoke padoko alamu ikulira.

Ndipo inkaliradi. Pansi pa injini, pamene mwendo wa pulopela umaboolera kunsi kwa boti, pamakhala kachipangizo konunkhiza madzi. Nyanja ikayamba kulowa, iko kamakuwa. Aka kankakuwa ngakhale pouma.

Lachisanu kunabwera a Swadick, makaniko wa ku Nkope, kudzasintha kachipangizoko. Sipanala inangoterereka. Anathira oyilo, kenako kokakola, koma kachipangizo kanaumitsa mtima ngati Farao.

"Che Howard, aka kanakwatiwa ndi dzimbiri," anatero a Swadick. "Ukwati wake wopanda talaka, sasudzulana."

Mutu wa kachipangizo unathyoka. A Swadick anakhomera chitsulo m'chotsalacho n'kumapotokola, a Howard akuimba nyimbo ya m'buku. Pa ndime yachinayi kanatembenuka.

Nthawi ya swala itakwana, a Swadick anapita kumzikiti, kusiya bowo la kachipangizo kakale lili yasa, katsopano kali pambali. A Howard, mtima utadzaza chiyamiko, anatulutsa kabotolo ka madzi odalitsidwa ndi ansembe awo, nawaza katsopanoko ndi bowo lomwe, mosaumira.

A Swadick atabwerako anamanga katsopano. Alamu inalira.

"Basi," anatero a Swadick, "labala lotchinga madzi lang'ambika, nyanja ikulowadi. Boti likwere kumtunda, masabata awiri."

A Howard anaona m'maganizo mwana wawo akulowa m'tchalitchi wopanda womugwira dzanja. A Swadick anamasulanso kachipangizo, naona dontho kunsonga, nanyambita. Kenako ananyambitanso.

"Nyanja yathu inayamba liti kukhala ndi mchere?"

"Ansembe amathiramo pang'ono podalitsa," anatero a Howard, maso ali pansi.

"Ndiye ine kuchokera kumzikiti, kudzabatizidwa lilime pa injini?"

"Lilime lokha, achimwene. Kwinako simunakhudzidwe."

"Kawiri, Che Howard. Ndanyambita kawiri."

Anapukuta bowolo ndi mpango wa a Howard, naumitsa kachipangizo padzuwa, namanganso. M'boti munangoti zii. A Swadick analanda kabotolo kaja n'kukapereka kwa mayi a mkwatibwi, nati kakatsegulidwe kutsidya, pamchenga, injini itazima.

Loweruka m'mawa a Howard anamugwira dzanja Mtendere mpaka kuguwa.

Ambuye akudalitseni inu owerenga, akusungeni pouma ndi panyanja, ndipo akupatseni mnansi wodziwa kulawa asanakuweruzeni.