Mpando wa Nadine

Mpandowo ndinaukhoma ndekha chaka chimene Nadine anali ndi pathupi pa mwana wathu woyamba. Unali mpando wogwedezeka, wa matabwa awiri okhota kunsi kwake. Matenda oiwala atamukulira mkazi wangayo, ndinamupititsa ku nyumba yosamalira okalamba m'tauni mwathu, kuno ku Kentucky, ndipo mpandowo unapita naye.

Masana aliwonse mantha ankamugwira. Ankakoka zitseko, kuitana amayi ake omwe anatisiya kalekale, ine n'kumanditcha wakuba. Koma akangokhala pampandopo n'kukankha pansi ndi phazi, mtima unkakhala m'malo. Pakapita mphindi khumi ankandiyang'ana n'kunena kuti, "Delbert, ndevuzo mwameta ndi nkhwangwa?" Mtunda wonse wochokera kunyumba ndinkayendera mawu amenewa.

Mu Febuluwale nkhalamba ina ya chipinda choyandikana inakhala pampandopo, podzuka inagwa n'kuthyoka chiuno. Mayi Caudill, mkulu wa pamalopo, anandiitana.

"Bambo Sizemore, malamulo sindinalembe ine. Mpandowo muutenge, apo ayi usiye kugwedezeka."

"Nanga mkazi wanga akayamba kukuwa mumutani?"

"Mapiritsi alipo."

"Aja omugoneka ngati thumba la mbatata? Munayamba mwamwapo inuyo, mayi?"

Anangonditsegulira chitseko.

Ndinaganiza kuti bola mpandowo ukhalepo, Nadine aziwona chinthu chake. Uchitsiru wanga unali umenewo, ndipo palibe anandikakamiza. Mawa lake ndinabwera ndi sowo, ndinatulutsira mpandowo poimika magalimoto, n'kudula matabwa okhota aja. Ntchito ya milungu itatu inatha m'mphindi zisanu. Ndinasalaza bwinobwino miyendo yake kuti isakande pansi.

Mantha atamuyamba, ndinamugwira dzanja n'kumukhazika. Anakankha ndi phazi. Mpando uli nji. Anakankhanso, mwamphamvu, mpaka silipasi inavuka. Kenako anawerama, anawona miyendo yodulidwayo, anawonanso utuchi pa thalauza langa.

"Anesi!" anakuwa. "Anesi, bwerani! Munthu uyu wandiwonongera mpando. Iwe, ukudziwa amene anaukhoma? Dikira mwamuna wanga abwere, uwona!"

Anesiwo anabwera ndi mapiritsi.

Papita miyezi inayi osamva dzina langa pakamwa pake, kupatula akamafunsa anesi ngati Delbert waimba foni. Matabwa aja ali m'galimoto, sinditha kuwataya. Ndimapitabe tsiku lililonse. Amakhala pa mpando wosagwedezekawo, maso ali pakhomo, kudikira mwamuna wake. Ine ndimakhala pambali pake, kudikira naye.