Waya Kuseri kwa Tebo

"Pondanso timve," anatero bambo aang'ono, atakhala kumpando wa pambali.

Wapepala anaponda moto mpaka pansi. Injini inang'ung'udza ngati munthu amene wadzutsidwa tulo tisanathe, galimoto n'kumangokwawa. Anawerenga chamumtima mpaka kanayi, m'pamene tebo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini, inaliza kamluzu kake, galimoto n'kudumpha.

"Wamva? Zaka ziwiri matenda omwewa," anatero bambo aang'onowo. "Tiye tibwerere."

Panali patapita masiku atatu chiikireni bambo ake m'manda. Dzina lakuti Wapepala anamupatsa ndi iwowo, tsiku limene anabwera ndi satifiketi ya umakaniko kudzayamba ntchito pagalaja yawo. Galimotoyi inali ya malemuwo. M'mawa uliwonse ankafika nayo kugalaja ikuchedwa kukoka, n'kumuponyera makiyi makasitomala akuona. "Onani, anzanga! Anakhoza mayeso onse, koma kagalimoto kamodzi kamukanika." Anthu ankaseka, iye n'kulowa pansi pa boneti.

Ataimika galimoto pabwalo, anapeza mayi ake atakhala pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja. Bambo aang'ono sanadikire n'komwe kuti apatsidwe mpando.

"Alamu, mawu a achimwene mukuwadziwa. Anati galaja singapite kwa munthu wolephera galimoto imodzi. Ndiye makiyi a kugalaja abwere kuno."

Mayiwo anangoyang'ana m'kapu.

"Ndipatseni lero lokha," anatero Wapepala.

"Lero? Zaka ziwiri zinakuchepera?"

Wapepala anatsegula boneti. Anayambiranso poyambira, ngakhale manja ake anali ataloweza kale njira yonse. Sefa ya mpweya inali yoyera, anaisintha yekha mwezi wathawu. Anapaka thovu la sopo m'mapaipi onse otuluka ku tebo, n'kuliza injini: palibe pamene panatupa thovu, mpweya sunkathawa. Anazimitsa, n'kudikira kuti izizire, kenako anamasula paipi yakutsogolo ndi kugwedeza kafani ka tebo ndi chala. Kankazungulira bwinobwino, kosagwedera.

Panatsala malo amodzi. Kuseri kwa tebo kuli kachitseko kotulutsira utsi, kamene kamayenera kukhala kotseka mpaka tebo itadzaza mphamvu. Kakakhala kotsekuka, utsi umalambalala, tebo n'kumachedwa kuzungulira. Nthawi zonse akatambasulira dzanja kumeneko, bambo ake ankamumenya ndi sipanala pamsana pa dzanja. "Uko ndaonako kale ine. Kapena ukuyesa ndine wakhungu?"

Lero panalibe womumenya. Anagona chagada, n'kukwawira pansi pa galimoto. Analowetsa dzanja kuseri kwa chitsulo chotchinga kutentha, ndipo zala zake zinakhudza chinthu chimene sichinali cha injini. Kanali kawaya kolimba, kopindidwa ngati mbedza mbali zonse ziwiri. Mbali ina kanakola kamtengo ka kachitseko, mbali ina kanakola bawuti, n'kukakoka kachitsekoko kuti kazikhala kotsekuka pang'ono.

Anatuluka nako, n'kukaika pachikhatho.

Bambo aang'ono anakayang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira maondo.

"Wakapeza! Ayi, achimwene akanakhalapo bwenzi atafa kachiwiri ndi phwete."

"Mumadziwa?"

"Pulayala yopindira inali yanga. Madzulo akachoka kugalaja ankaima pakona paja n'kukachotsa, galimoto n'kumauluka ngati yatsopano. M'mawa ankakabwezerapo. Iwe n'kumakhala kutsidya kwa tauni ndi mkazi wako, ukanamva liti?"

"Chifukwa chiyani?"

"Ankati tione ngati pepala limakwawa pansi pa galimoto." Anapukuta misozi ya kuseka ndi chala chachikulu. "Usakwiye, mwana wanga. Inali nthabwala chabe."

Wapepala anakumbukira makasitomala amene ankati akaona iye wagwira sipanala, ankapempha makaniko wina. Anakumbukira ntchito imene anaikana ku kampani ya mabasi chifukwa bambo ake anati, "Ukachititsa manyazi dzina langa."

"Ndiye ndaikonza," anatero. "Galaja ndi yanga."

Bambo aang'ono anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi.

"Si iwe wokonda mapepala? Werenga ili. Anasayina chaka chatha, loya akuona. Malo, zida, dzina, zonse anandilembera ine. Lero ndimangofuna kuona ngati ukapeze. Ukafuna ntchito ubwere Lolemba, koma kusesa pabwalo kukhalanso kwako."

Wapepala anawerenga mpaka pansi. Siginecha inali ya bambo ake, yopendekera kumanzere, yotsindika mpaka kuboola pepala. Anatembenukira kukhonde.

"Amayi, inunso mumadziwa?"

"Za magalimoto ine sindinkafunsa," anayankha chapansipansi. "Pereka makiyiwo, mwanangu. Tisachulutse mawu."

Wapepala anachotsa makiyi a kugalaja pa lamba wake n'kuwaponya pansi. Bambo aang'ono anawerama n'kuwatola, akuimba kamluzu.

Wapepala anabwezera paipi, n'kumanga zonse, n'kutseka boneti. Anatulutsa galimoto kunja kwa geti, n'kupita nayo mpaka kumapeto kwa msewu. Pobwerera anaponda moto kamodzi kokha. Tebo inayankha pompo, injini inabangula, galimoto n'kumukankhira kumpando. Analowa pabwalo fumbi lili koboo.

Pakhonde mayi ake anali ataimirira kale. Kubangula kumeneku ndi kumene ankakumva madzulo aliwonse amuna awo akamafika. Mpando anali ataukankhira kukhoma, kapu ataibisa kumbuyo, tiyi akudonthera pasimenti. Mutu anali atauweramitsa, ndipo mkono wina anali ataukweza kutchinga kumaso.

Anakhala choncho mpaka injini itazima.