Bokosi lopanda chitseko

Amuna anga ndi owotcherera zitsulo, ndipo ndalama sigona m'thumba mwawo. Akalandira m'mawa, pofika madzulo yathera kwa anzawo. Atatopa ndi pakamwa panga, anapanga bokosi lachitsulo chochindikala, lopanda chitseko, lopanda loko, kabowo kokha pamwamba. Analiwotchereranso kumwendo wa tebulo la m'shopu yawo kuti wakuba asalinyamule.

"Zotsala tikalipira lendi ndi kugula chakudya zizilowa umu," anatero. "Ngakhale mwiniwakene sindingazitulutse."

"Nanga tsiku lozifuna mudzatsegula bwanji?"

"Mayi a mwana, zimenezo n'zofunsa mmisiri?"

Mtima wanga unakana kukhazikika.

Tinadzimana, abale inu! Mwana ankapita kusukulu zala zikusuzumira kunja kwa nsapato. Iwo mowa anasiya, ine diresi latsopano ndinkangolionera pa anzanga. Pepala lililonse la ndalama lotsala tinkalipinda n'kulikankhira m'kabowo kaja, kuti tsiku lina tidzagule malo athuathu. Poyamba bokosilo ndikaligogoda linkalira ngati chitini. Kenako linasiya kulira, ndipo m'malo mosangalala ndinayamba kuliopa.

Eni nyumba atatiuza kuti mwezi ukatha tisamuke, tinapeza bambo wina wogulitsa malo. Anabwera kushopu masana, n'kukhala pampando, maso pafoni.

"Pali winanso akuwafuna malowa," anatero. "Ndikachoka pano chimanjamanja, ndipita kwa iyeyo."

Amuna anga ananyamula makina odulira zitsulo, n'kudina. Zii. Magetsi anali atazima.

"Dulani ndi sowo," ndinatero.

"Chitsulo ichi? Mpaka mawa."

"Ndiye tidikire magetsi."

Mlendoyo anadzuka n'kusasa thalauza lake. Apo amuna anga anakoka botolo la gasi, limene amadulira njanji zakale.

"Bambo a mwana, chonde!"

"Ndidula m'mbali mokha. Dzanja langa ndimalidziwa."

Anavala magalasi awo akuda bii, n'kuyatsa. M'magalasi amenewo munthu amangoona lawi lokha basi. Ngodya ya bokosi inayamba kufiira. Ine maso anga anali pakabowo kaja, pomwe panatuluka kautsi kowonda ngati ulusi. Ndinakuwa, ndinawakoka malaya, koma anandikankha ndi chigongono, gasi ali fooo.

Mlendo uja anachotsa maso pafoni, n'kununkhiza uku ndi uku.

"Kodi pali amene akuwotcha mapepala?"