Udzu wa Mayi Pruitt

Mayi anga anamwalira mu Epulo. Hatchi yawo, Juniper, inatsala m'khola ikudya ngati palibe chachitika, ndipo masiku ena ndinkaida chifukwa cha zimenezo. Ndinasiya koleji n'kubwerera kwathu. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: kulowa ndi Juniper mu mpikisano wa ku Tulsa, m'gulu lomwe mayi ankakwera, la anthu osalipidwa. Lamulo la gululi silipindika. Ukalandira kanthu chifukwa chophunzitsa munthu kapena hatchi yake, watuluka.

Mayi Pruitt, anzawo a mayi anga, anali ndi hatchi yoopa geti. Pa mpikisano umatsegula geti uli pamsana pa hatchi, kudutsa, n'kutsekanso. Yawoyo ikangomva chitsulo chalira inkabwerera chammbuyo mpaka kumpanda. Loweruka lililonse ndinkapita kukaima pambali, kuwauza kuti afewetse dzanja, asiye kugwira mpweya.

Chaka chimenecho mvula inakana, udzu wouma unasowa dera lonse. Tsiku lina ndikuchokera kutauni ndinapeza mitolo ya udzu itasanjidwa m'khola mpaka kudenga. Burl Haskins, wokhoma zitsulo ku ziboda, anali pomwepo ndi mwendo wa Juniper pabondo. Mkazi wake amakwera m'gulu lathu lomwelo.

"Aphunzitsi, malipiro afika," anatero, misomali ili pakamwa. "Agogo Pruitt sabera munthu."

Analonjeza kuti sauza aliyense kupatula mkazi wake. Kwathu kuno kutero n'kulengeza pa wailesi.

Ndinakweza mitolo yonse m'galimoto, Juniper akuitsatira ndi mphuno, n'kupita nayo kwa eni ake. Mayi Pruitt anatuluka akupukuta m'manja. Anandiuza kuti si malipiro. Pakagwa maliro anthu amabweretsa chakudya. Ine anandiphikira kale nthawi ija, koma hatchi ya malemu anaiiwala, ndipo zinkawapweteka.

"Mukanabweretsa mu Epulo ndikanalandira, mayi," ndinatero. "Lero anthu autcha dzina lina."

"Ndiye Juniper adya lamulo?"

Ndinatsitsa mitolo ndekha, kenako iwo anati ndisavutikenso kubwera Loweruka. Ndinapitabe. Sanandipatse moni, koma anakwera hatchi, ndipo tinapitiriza ndi geti lija. Sindinamweko ngakhale khofi wawo. Juniper ndinkamumwetera udzu m'ngalande za mphepete mwa msewu, ndipo nthiti zake zinayamba kuoneka.

Ku Tulsa, woyang'anira malamulo anandiitana ndisanamange chishalo. Anati wamva za udzu. Ndinafotokoza, iye akuyang'ana nsapato zake. Kenako anaitanitsa Mayi Pruitt, amene anafika atavala kale chipewa chawo cha mpikisano.

"Mwana uyu anandibwezera mphatso ya maliro pakhomo panga, masana dzuwa likuswa mtengo," anatero. "Darlene akanamukoka khutu. Sindinamukhululukire, ndipo sanalandire kanthu kanga, ngakhale madzi."

Chichitikire maliro, aka kanali koyamba kumva munthu akutchula dzina la mayi anga popanda kutsitsa mawu. Woyang'anira uja anandiuza kuti ndifulumire, gulu lathu likuitanidwa.

Ndinamanga lamba wa chishalo. Poti Juniper anali atawonda, lambayo anafika pa bowo lomwe mayi sanaligwiritsepo ntchito. Ndinakwera, n'kulowa m'bwalo.