Zovala Ziwiriziwiri

Telala uja anali ndi chizolowezi chimodzi chimene ankadzitama nacho kwa aliyense wofuna kumva, ngakhalenso kwa osafuna. Akafuna zovala ziwiri zofanana, sankadula kawiri ayi. Ankasanjikiza nsalu, n'kuimanga ndi mapini, n'kujambula ndi choko kamodzi, sizasi n'kudutsa kamodzi basi. Choncho tsiku limene adokotala anayendetsa kachipangizo pamimba pa mkazi wake n'kunena kuti mitima ikugunda iwiri, iye sanagwire mutu ngati amuna ena. Anaseka mpaka anesi anamuuza kuti akasekere panja.

"Nayenso Mulungu ndi telala," anatero ali m'njira pobwerera. "Wadula mosanjikiza."

"Inu a Telala, mimba ndi yangatu iyi, si tebulo lanu," anayankha mkazi wake uku akuseka.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri. Chakutsogolo, choyang'ana kumsewu, munali makina osokera, tebulo lodulira, simbi ndi thumba la zidutswa za nsalu. Chakumbuyo ndiye chogona. Kwa miyezi itatu, kasitomala akangotuluka, telala ankatulutsa nsalu yofewa yachikasu ya timadontho toyera n'kuyamba kusokera ana ake. Timalaya, timabuluku, tizipewa, zonse ziwiriziwiri, magulu asanu ndi atatu. Misoko ankaitembenuzira kunja kuti isamakande khungu la khanda. Mkazi wake ankachapa, kusita, n'kupinda kamalaya kamodzi mkati mwa kanzake, kenako n'kulongedza m'sutikesi ya buluu ya kunsi kwa bedi. Anawo anali atawapatsa kale mayina achipongwe. Wa kumanja ankati Wokankha, wa kumanzere Waulesi.

Anabadwa pa opaleshoni masiku asanakwane, nyengo yozizira itangoyamba. Atsikana onse awiri. Woyamba analira, wachiwiri sanalire. Anesi anaonetsa telala nkhope ya mwana womwalirayo kwa kanthawi kochepa, atakulungidwa m'nsalu yobiriwira ya chipatala, ndipo telalayo anasaina pepala limene sanaliwerenge n'komwe. Patapita milungu iwiri anabwerera kunyumba anthu atatu, ndi khadi lasikelo limodzi.

Mkangano unayamba tsiku lomwelo. Telala anakoka sutikesi ija kunsi kwa bedi, koma asanatsegule zipi, mkazi wake anaipondera ndi phazi.

"Musakhudze."

"Mwana avale chiyani nanga, mayi?"

"Avala zimene ndimuveke."

Ndipo anamuveka thewera, n'kumulowetsa m'sikipa yake yakale yotuwa, imene khosi lake linali lalikulu moti mapewa onse a mwana ankatulukira. Pamwamba anamukulunga ndi thaulo. Telala anati mwina ndi kutopa, mawa zitha. Mawa lake sizinathe. Anamunyengerera, anamulalatira, anayesa ndi nthabwala zomwe, koma mkaziyo anali gwa. Chifukwa sankanena. Akafunsidwa ankangotembenukira kukhoma n'kuyamba kuyamwitsa.

"Ngati mukufuna avale, sokani zina," anatero tsiku lachinayi. "Si ndinu telala?"

Anapitadi kutebulo lake. Anatenga nsalu ina yoyera, naiyala, naimanga mapini, najambula. Atanyamula sizasi ndi pamene anaona kuti manja ake asanjikiza nsalu okha, osamufunsa. Anaima pomwepo nthawi yaitali. Anaika sizasi pansi, nachotsa mapini, nabweza nsaluyo pashelefu. Zimenezi sanamuuze mkazi wake, poti amuna ena amaona bwino kuoneka ouma mtima kusiyana n'kuoneka akulira. M'malo mwake analowa kuchipinda akukalipa.

"Sindisoka zina! Zovala zili tho m'sutikesimo, zochapachapa, zositasita. Ndataya mwana mmodzi, ndiye nditayenso wina chifukwa cha kuuma mutu kwanu?"

"Mwataya inu nokha?" anafunsa mkaziyo motsitsa mawu.

Zoona zake n'zakuti telala anali ndi mantha, ndipo mantha akewo sanali opanda pake. Chipinda chija chinali chozizira, dzuwa linkalowamo ola limodzi lokha masana. Mwana anali wochepa moti ankakwana padzanja ndi mkono wa bambo ake. Telala akagwira timapazi take, tinkakhala tozizira ngati chitsulo cha makina m'mawa. Thaulo linkamasuka mwana akangotakataka pang'ono. Iye ankaona kuti mwana watsalayu akuchoka pang'onopang'ono, ndipo mkazi amene ankamuseka uja wachoka kale ngakhale akugona bedi limodzi.

Lachiwiri anapita onse kusikelo. Anesi, mayi wonenepa wosadziwa kunong'ona, anavundukula thaulo, nayang'ana sikipa ija, nayang'ana makolowo.

"Mwanayu watsika, sanakwere. Mkaka wonse akuyamwa ukuthera kulimbana ndi kuzizira. Kodi zovala mulibe? Chipewa chili kuti? Bambo, inu mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine telala."

Pabenchi wina anaphulika kuseka, anzake n'kutsatira. Manyazi anamugwira telala mpaka makutu kutentha. Anesi sanaseke. Analemba pakhadi n'kunena kuti sabata yamawa mwana akapezeka kuti sanakwere, amugoneka m'chipatala, ndipo pamenepo asadzati sanauzidwe. 

Tsiku lotsatira masana, akupita kukatenga ulusi umene anasiya pawindo, anapeza chitseko cha kuchipinda chili chotseguka pang'ono. Anasuzumira. Sutikesi inali yotsegula. Mkazi wake anali atayala zovala zonse pabedi, kamalaya pafupi ndi kanzake, kachipewa pafupi ndi kanzake, akuzisalaza ndi chikhatho, misozi ili chuchuchu. Telala anabwerera chakumbuyo mwakachetechete. Atakhala pampando wa makina, anaona ngati wamvetsa zonse. Chikumupweteka mkazi wangayu ndi chovala chachiwiricho, anaganiza choncho. Chilichonse akatenga, chinzake chimatsala chikumuyang'ana. Zachiwirizo zikachoka, zotsalazo zikhala zovala wamba za mwana mmodzi. Anali munthu wozolowera kuti chovala chikathina pali msoko wina wofunika kumasula, ndiye anaganiza kuti chisoni nachonso n'chimodzimodzi. Kufunsa sanafunse.

Lachisanu m'mawa mkazi wake ananyamula mwana kupita kuchipatala kukaonetsa bala la opaleshoni. Atangokhota pakona, telala anakoka sutikesi. Pagulu lililonse anachotsapo chimodzi. Sanasankhe, poti panalibe chosankha: anadula yekha, ndipo ngakhale iye sakanatha kusiyanitsa.

Zimene anachotsazo anaziika patebulo n'kumaziyang'ana. Kutaya sakanatha, telala sataya nsalu. Kupatsa munthu sakanathanso, poopa kuti mkazi wake angadzakumane nazo pamsewu zitavalidwa ndi mwana wa eni. Kubisa m'nyumba ya zipinda ziwiri n'kudzinamiza. Pampando panali mathalauza atatu a dalaivala wina wa lole, osokedwa kale, ongodikira matumba. Dalaivalayo anali atanenetsa kuti akufuna matumba akuya, ofewa, osakanda ntchafu paulendo wautali, komanso kapilo kotsamira msana. Telala anatenga kamalaya kamodzi n'kukayala pathalauza. Msana wa kamalaya ka khanda ndi wofanana kukula ndi thumba la munthu wamkulu. Ndi telala yekha angazindikire zimenezo, ndipo bwenzi zili bwino akanapanda kuzindikira.

Anamasula misoko yake yomwe, umodzi umodzi, ndi kalumo.  Pofika masana matumba onse anali atalowa, timadontho toyera titabisika mkati mmene palibe amaona. Timikono, tizipewa ndi zidutswa zonse anazilongedza m'kapilo n'kusoka kukamwa. Dalaivala anabwera cha m'ma 2 koloko, napisa dzanja m'thumba, namwetulira.

"Eee, a Telala, kufewa kwake! Muli ngati mwandiikira mwana wa mphaka m'menemu."

Anaponyamo makiyi, nanyamula katundu wake, napita.

Mkazi anafika dzuwa litapendeka, mwana ali pachifuwa, iye akuyenda mowerama chifukwa cha bala. Telala anamutsatira kuchipinda. Pabedi anali atayalapo kamalaya kamodzi, kabuluku kamodzi ndi kachipewa kamodzi.

Mkaziyo anaima. Anagoneka mwana pabedi mosamala, nagwada, nakoka sutikesi. Anatulutsa chovala chilichonse n'kuchikutumula, ngati chinzake chingagwe kuchokera mkati. Anapisa m'matumba a sutikesi. Anayang'ana kunsi kwa bedi.

"Zili kuti za mwana wanga?"

"Ndi izi, mayi. Zonsezi ndi zake tsopano."

"Ndikunena za mwana wanga winayo."

"Ndazichotsa. Ndinakuonani dzana mukulira nazo. Ndinati zikachoka mtima wanu ukhala pansi, mwanayu avale."

"Mwaziika kuti?"

Akananama. Anthu ambiri akananama, n'kupeza nthawi yoganiza. Koma telala anali asanaone kulakwa kwake, ndiye anafotokoza zonse bwinobwino, matumba, kapilo, dalaivala, ngati munthu wofotokoza ntchito imene waigwira mwaluso. Ali mkati mofotokoza anaona nkhope ya mkazi wake, ndipo mawu anayamba kumuthera.

Mkaziyo sanakuwe. Anakhala pansi, msana atatsamira bedi.

"Inu munamuona nkhope," anatero. "Ine anandigoneka ndi mankhwala. Podzuka anandipatsa mmodzi, n'kundiuza kuti ndilimbe mtima. Sindinamugwire. Khadi ndi limodzi. Aliyense wobwera muno akuti mwayi wanu, muli ndi mwana. Sindikudziwa ngakhale kuti ameneyu ndi Wokankha kapena Waulesi. Ndikatsegula sutikesi iyi ndi pamene ndimadziwa kuti sindinapenge, analipodi awiri. Ndimati ndikachotsapo chimodzi kuveka uyu, ndiye kuti ndavomera. Ndimafuna masiku ochepa chabe, bambo. Mukanandifunsa."

"Ndinakufunsani kangati?"

"Mumafunsa za zovala."

Telala anatuluka osavala n'jekete lomwe. Anathamanga, munthu wa mimba yake yozolowera mpando, kudutsa pamalo okwerera basi, kudutsa magalaja, mpaka pabwalo pamene malole amapakira katundu. Mlonda wa pageti anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, tepi ikulendewerabe m'khosi. Anati lole ya dalaivala ameneyo yatuluka ola lapitalo. Ulendo wake ndi wodutsa malire angapo, kubwera kwake mwina mwezi, mwina iwiri, ndipo nthawi zina loleyo imabwera ndi dalaivala wina. Nambala ya foni mlondayo analibe, ofesi inali yotseka mpaka Lolemba. Telala anaima pagetipo akuyang'ana msewu, akuganiza za kamalaya ka mwana wake kali m'thumba la munthu wachilendo, pamodzi ndi makiyi ndi dzanja la girisi. Pamenepo ndi pamene analira, koyamba chibwerere kuchipatala, mlonda akuyang'ana kumbali.

Anafika kunyumba kusanade. M'chipinda munali zii. Sutikesi inali itabwerera kunsi kwa bedi, ndipo sikipa yotuwa ija inali pansi, pafupi ndi chitseko. Mwana anali pabedi atavala zachikasu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Zinamukhala bwino kwambiri, khosi silinathine, mikono sinatalike. Anali m'tulo, timasaya titayamba kufiira.

"Wafunda," anatero mkazi wake osamuyang'ana. "Mugwireni mapazi muone. Munkanena zoona inu, amazizidwa."

Telala anagwira. Timapazi tinali totentha. Kwa masiku onse aja ankalakalaka kuona zimenezi, koma tsopano maso ake anakana kukhala pamwanayo.

"Lole yapita," anatero.

"Ndinadziwa."

Anagwada pafupi ndi bedi, nafuna kugwira dzanja la mkazi wake. Mkaziyo sanalichotse, komanso sanamugwire.

"Nsalu ija yatsalako mita imodzi," anatero telala. " Mapepala odulira ndikadali nawo. Ndisoka zina, mayi, zofanana ndendende, misoko kunja, zonse zisanu ndi zitatu. Pofika mawa madzulo zikhala m'sutikesimo. Simudzasiyanitsa."

Mkazi wake anatembenuka n'kumuyang'ana koyamba chilowereni. M'maso mwake munalibe mkwiyo, ndipo zimenezo zinamuopsa kuposa mkwiyo.

"Musokera ndani?" anafunsa. "Zija munkasoka mwana ali moyo, akumva makina anu ali m'mimba muno."

 Mwana anatakataka, kachipewa n'kutsetserekera kumaso, ndipo mayi ake anakakonza ndi chala chimodzi.